Injini Imene Inakana Kuzima pa Msewu wa ku Chama

Ndiyambe ndi kuvomera, chifukwa ambiri amene amadziwa nkhaniyi amaidziwa mokhota. Kwa apongozi anga amati amuna anga, a Mateyo, ndiwo anapha motoka chifukwa chokonda liwiro. Si zoona. Amene anakakamiza kuti injini ija isinthidwe ndine.

Ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Katete. Nditatenga setifiketi ku koleji ananditumiza ku Chifunda, m'chigwa cha Luangwa, ndipo ndi kumene ndinakwatiwa. A Mateyo ndi a komweko, amagula mpunga m'midzi n'kukagulitsa ku boma, ku Chama. Tili ndi mwana mmodzi, Taonga, amene pa nthawiyo anali ndi zaka zinayi. Anabadwa ndi matenda a magazi aja amati siko selo. Mwana wotere amaseka m'mawa, masana n'kumalira kuti mafupa akuwawa. Kakiliniki ka kwathu kamathandiza ndi mankhwala oziziritsa ululu, koma pakafunika magazi, ndi ku chipatala cha ku Chama basi.

Motoka yathu inali vaneti yakale ya dizilo. Chaka china tinathamangira nayo ku boma Taonga ali mu ululu, ndipo pa zitunda inkakwawa moti munthu wa njinga akanatha kutipitirira. Kuchokera tsiku limenelo mtima wanga sunakhale pansi. Ndikakhala m'kalasi ndinkawerengera msewu uja m'mutu, mtsinje ndi mtsinje. Kuseri kwa sukulu kuli chulu pamene foni imagwira, ndipo pa chulu chimenecho ndi pamene ndinaphunzira za tabo. Ndi kachipangizo kooneka ngati nkhono, kamazungulira ndi utsi n'kumakankhira mpweya mu injini. Ndinawerenga kuti ukafupikitsa kandodo kamene kamatsegula kakhomo kotayira mpweya wotsala, tabo imakankha kwambiri. Ukatsegulako sikulu ya pa pampu, dizilo amalowa wambiri. Ukachotsa chibokosi cha sefa n'kuikapo kasefa kofiira kooneka ngati chisoti, injini imapuma momasuka. Ndinazilemba zonse m'kope langa la mapulani a maphunziro, ngati phunziro la mawa.

Tinapita nayo ku Lundazi kwa makanika wina wachikulire, a Zimba. Atamva zimene ndinkafuna anandiyang'ana, n'kuyang'ana amuna anga.

"Madamu, motoka iyi ni nkhalamba. Nkhalamba simuimwetsa kachasu kuti ivine."

"Koma zimatheka?"

"Zitheka. Manje funso ni lakuti mufuna ikhale masiku angati."

Anafupikitsa kandodo pang'ono, sikulu anaipotoza theka, nati basi. Ine ndinatsegula kope n'kuwauza kuti aonjezere. A Mateyo anangoti, "Chitani zimene akunena amake Taonga, ndiwo anawerenga." A Zimba anaonjezera akupukusa mutu. Kasefa kofiira anakaniratu kuika. Anati ndi ka pa tara, fumbi la kuchigwa lidzadutsa ngati ufa pa sefa yobooka, likadye tabo m'kati. Ine ndinali nditaitanitsa kale kwa mnzanga wa ku Lusaka. Tinakaika tokha kunyumba, ine nditagwira sipanala.

Ndisaname, motoka inasintha. Inkaimba kalikhweru ikamakwera chitunda, mchenga inkaudula ngati palibe. Anthu pa msika ankati a Mateyo agula ndege. Ine ndinayamba kunenepa.

Patapita miyezi itatu, m'mawa wina ndinaona utsi wotuwa mobiriwira ukutuluka kumbuyo. Nditatsegula boneti ndinapeza paipi yochokera ku tabo yanyowa ndi oilo polumikizira. Ndinadziwa tanthauzo lake, pakuti nazonso ndinali nditawerenga. Koma kuikonza kunafuna kuti motoka ikakhale ku Lundazi masabata angapo, ife tili opanda chokwera, mwana ali pakhomo. Ndinatenga kansanza, ndinapukuta paipi ija, ndinatseka boneti. Ndinachita zimenezo kanayi.

Tsiku la ulendo linali Lachiwiri, mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti pofika seveni malata ayamba kale kulira. Taonga anagwetsa kapu ya tiyi. Ndinamukalipira, Mulungu andikhululukire. Atatembenuka ndinaona kuti pakamwa pake papotokera mbali imodzi, ndipo dzanja lamanja likungolendewera. Anafuna kunena kuti amayi, mawu anatuluka ngati ali ndi madzi m'kamwa.

Ku kiliniki asisita sanataye nthawi. Anati ndi sitiroko, ndipo ana a matendawa zimawachitikira. Analemba kalata, nati mwana akufunika magazi lero lomwe, ola lililonse likuwerengedwa. Ambulansi inali itapita ndi mayi wina amene uchembere unamuvuta. "Muli ndi motoka yanu ija yothamanga," anatero. "Mwayi wanu."

Tinanyamuka pafupifupi eyiti. Kutsogolo tinakhala atatu ndi mwana: a Mateyo pa chiwongolero, ine pa chitseko nditafukata Taonga, pakati pathu azakhali awo a Mateyo, a Nyagoma. Kwa Asenga, mtundu wa amuna anga, mwana wodwala sapita kuchipatala popanda wamkulu wa kuchimuna, ndipo a Nyagoma anakwera osafunsa munthu, atanyamula poto, mtsuko wa madzi ndi kathumba ka ufa. Kumbuyo kunakwera a Tembo, mlonda wa nyama zakutchire, amene anapempha kuti tikawatsitse ku Tembwe. Kuchigwa suona munthu pamsewu n'kumusiya, motoka mwina imadutsa imodzi tsiku lonse.

Chigawo choyamba, kuchoka ku Chifunda kupita ku Chikwa, ndi dothi lakuda limene njovu zimaponda nthawi ya dzinja. Likauma mapazi aja amasanduka maenje olimba ngati simenti. A Mateyo ankawazemba mosamala, ine ndinkaona ngati akuchita dala.

"Pondani, atate ake Taonga."

"Ndikaponda apa tithyola masipuling'i."

"Nanga tinaikonzeranji? Pondani!"

Anaponda. Mutu wa Taonga unkagunda pa chifuwa changa. A Nyagoma anagwira denga ndi manja onse awiri.

"Iwe Mateyo, uyendetsa ndiwe kapena ni aphunzitsi? Ngati ni aphunzitsi ndiuze, nditsike ndiyende pansi."

Palibe anaseka. Pa mtsinje woyamba wouma, mchenga unali wakuya, ndipo injini inafuula nthawi yaitali tisanatulukire tsidya lina. Pa galasi la pambali ndinaona utsi uja. Sunalinso wochepa. Fumbi ndi utsi zinasakanikirana moti a Tembo kumbuyo anadzifunda shati kumutu.

Titafika ku Chikwa a Mateyo anachepetsa liwiro pafupi ndi mjigo, nati aime pang'ono injini ipume, aonenso oilo. Ndinayang'ana mwana. Diso lake lamanja linali litayamba kugwa.

"Simukuona mwana?"

"Mamineti asanu chabe, amake Taonga."

"Asisita anati chiyani? Simunamve?"

Sanaime. Mawu amenewo ndimawamvabe mmene ndinawanenera, mokweza, anthu pa mjigo akutiyang'ana.

Kuchoka ku Chikwa msewu umalowa m'nkhalango ya mitengo ya tsanya, imene mwezi umenewo imakhala yopanda tsamba. Tinayenda mwina ola limodzi. Tinatsikira m'kamtsinje kena kouma, ndipo pokwera tsidya lina kalikhweru ka tabo kanasintha, kanakhala ngati mpeni ukunoledwa pa mwala. Kenaka motoka inalumpha yokha. A Mateyo anachotsa phazi, koma injini inapitiriza kukwera mawu. Anaponda kilachi ndi mabuleki, tinaima pamwamba pa chitunda. Anazimitsa, nazula kiyi, nandionetsa m'manja mwawo ngati akundifunsa ine. Kiyi ali m'manja, injini ikulirabe.

Ine ndinadziwa chimene chikuchitika. Oilo anali atabowola mu tabo n'kulowa mu injini, ndipo injini ya dizilo ikayamba kumwa oilo wake sifunanso kiyi. Imangothamanga mpaka itadzipha.

"Tulukani! Tulutsani mwana!" anakuwa a Tembo akulumpha.

Ndinathawira m'tchire ndi Taonga. Utsi woyera unadzaza msewu wonse moti motoka sinkaoneka. A Mateyo anayesa kuika giya yaikulu kuti injini itsamwe, koma kilachi inangopsa, fungo lake linafika pamene ndinaima. Ndinakuwa kuti atseke mpweya, atseke pakamwa pa tabo. Anatsegula boneti, anazula kasefa kofiira kaja ndi manja, nakankhirapo chitenje cha a Nyagoma. Chinamezedwa ngati chingwe. A Nyagoma anathamanga ndi chivundikiro cha poto. A Mateyo anachikanikiza pa paipi, dzanja lawo litatsamira chitsulo chamoto, ndipo mawu anayamba kutsika. Koma zinali zitachedwa. Kunamveka kuphulika kumodzi pansi pa injini, kenaka zii. Oilo wakuda anayenderera pa mchenga, nthunzi ikufuka.

Nyenje zinayambiranso kulira. Nthawi inali itangopitirira teni.

A Tembo anagwada n'kusuzumira pansi. Anati m'mbali mwa injini mwabooka, chibowo choti nkhonya n'kulowa. Foni sinkagwira. Iwo ankaidziwa nkhalango ija, ndipo anati mudzi wapafupi uli patsogolo, mtunda wa maola awiri wapansi, ndipo kumeneko kuli munthu wa njinga yamoto. Anamwa madzi pang'ono, nauyamba.

Tinagoneka Taonga pansi pa motoka, kumbuyo kumene kunalibe oilo, chifukwa mthunzi wina kunalibe. Ndinkanyowetsa kansalu n'kumamufinyira madzi pakamwa, koma ambiri ankatuluka mbali yopotoka ija. Akashembe, ntchentche zoluma zija, anatipeza. A Nyagoma anathyola kanthambi n'kumawaingitsa pa miyendo ya mwana, akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Chikhatho cha a Mateyo chinali chitatupa matuza, khungu lina litasendeka. Anakana madzi oti athirepo, nati ndi a mwana.

Cha m'ma leveni kunadutsa bambo wina pa njinga yakapalasa atanyamula nkhuku. Anaima, anapepesa, anayang'ana injini nthawi yaitali, nati m'bale wake nayenso anali ndi motoka yotere. Anatisiyira masau odzaza dzanja n'kupita. Ndinamuda munthu uja popanda chifukwa, chabe poti iye ankayenda.

Dzuwa litafika pamutu, mthunzi wa motoka unachepa, ndipo tinakhala mopanikizana. A Nyagoma anapita kuseri kwa chitsamba. Ndi pamene ndinalankhula.

"Atate ake Taonga, ine utsi ndinauona kale. Mwezi watha. Ndi oilo pa paipi. Ndinkapukuta."

Sanandiyang'ane. Ankayang'ana dzanja lawo.

"Ndidziwa. Kansanza munkakabisa kuseri kwa batire."

"Nanga osanena bwanji?"

"Nanenso ndinkathira oilo m'mawa uliwonse inu muli ku sukulu. Ndinati tidikire mpunga uthe, ndiye ndipite nayo kwa a Zimba."

"Osandiuza?"

"Munali mutayamba kudya, amake Taonga. Munali mutayamba kuseka. Ndikanati motoka ichoke pakhomo mukanabwerera pa chulu paja."

Ndinafuna kuti andikalipire. Zikanandipepukira. Koma anangotenga phazi la mwana ndi dzanja lawo labwino n'kumalisisita.

A Nyagoma atabwera anatiyang'ana tonse awiri. Sindidziwa ngati anamva. Anangoti, "Chitenje changa chija chinali chatsopano," nakhala pansi, napitiriza kuingitsa akashembe.

Cha m'ma satini, wani koloko masana, Taonga anagwidwa ndi khunyu. Thupi linauma, maso anatembenuka, mwendo wamanzere wokha ndiwo unkagunda pansi. Ndinamugoneka cham'mbali monga anatiphunzitsira, ndikuwerenga mokweza, sindidziwa kuti ndinkawerengera ndani. Ndinafika pa handiredi ndi fote. Atasiya anagona tulo tolemera, ndipo sanayesenso kundiitana.

Njinga yamoto inafika itakwana fotini. A Tembo anali kumbuyo, milomo itauma mpaka kung'ambika. Mwini njinga, bambo wamfupi wovala jekete lachikopa pa kutentha konse kuja, anati petulo amene ali naye angatifikitse ku Tembwe kokha. Panabuka mkangano. A Nyagoma anati mwana wosadzutsa khosi sakwera njinga, ndipo iwo sangalole mdzukulu wa mlongo wawo apite ndi mkamwana yekha. A Mateyo, amene sindinawamvepo akuyankha azakhali awo, anati, "Amama, mwambo tiupeza kutsogolo. Mumangeni." A Nyagoma anavula duku lawo, nalumikiza ndi chitenje changa, namumanga okha Taonga pa chifuwa panga, mutu wake uli pansi pa chibwano changa. Mfundo anaikoka kawiri. Kalata ya asisita anandiika m'bulauzi.

Sindinatsanzike. Nditacheuka ndinaona a Mateyo ataima pakati pa msewu, dzanja lopsa atalikweza m'mwamba kuti lisawawe.

Pa njinga ndinkamva mtima wa mwana ukugunda pa wanga, ndipo ulendo wonse ndinkangomvetsera umenewo. Pa mchenga tinkatsika, ine n'kumayenda wapansi mwini njinga akukankha. Tinagwa kamodzi, pang'onopang'ono, ndipo ndinatsamira chigongono kuti mwana asagunde. Bambo uja ankangoti, "Pepani madamu, pepani madamu," ngati iye ndiye anaika mchenga.

Ku Tembwe tinafika pafupifupi fifitini. Petulo wa m'mabotolo anali atatha pa msika ponse, ogulitsa anati akudikira wochokera ku boma. Pa depoti ina panali lole yaikulu ikupakira thonje, yakale kuposa vaneti yathu, chitseko chake chomangidwa ndi waya. Dalaivala anali atakhala pa tayala akudya nzimbe. Anati anyamuka katundu akadzadza, mwina mawa. Sindinamupemphe. Ndinangomasula duku pang'ono kuti aone nkhope ya Taonga. Anataya nzimbe, nauza opakira kuti atsike, mabelo a thonje otsala adzawatenga ulendo wina. Kalaliki wa pa depoti anayamba kukuwa za mabelo, dalaivala anamuyankha kuti akamuuze bwana kuti thonje silifa.

Lole ija sinkathamanga. Pa chitunda chilichonse dalaivala ankatsitsa giya n'kumailankhula ngati ng'ombe, "Tiye mayi, tiye." Kawiri anaima kuthira madzi mu rediyeta, ndipo ankadikira kaye kuti izizire asanatsegule. Ndinaluma mlomo mpaka magazi kuti ndisanene kuti pondani. Anandifunsa chimene chinachitikira motoka yathu. Ndinati injini inafa. Anati injini ya dizilo siifa wamba, alipo anaigwira. Ndinayang'ana kunja.

Tinalowa m'Chama dzuwa litapendeka, cha m'ma seventini, ndipo anatitsitsa pa geti penipeni pa chipatala. Anamwino anamutenga mwana m'manja mwanga, ndipo mfundo ya a Nyagoma anachita kuidula ndi sizasi. Magazi analipo. Pofika mdima anali atayamba kumuika magaziwo.

A Mateyo ndi a Nyagoma anafika tsiku lotsatira pa thirakitala. Tinakhala m'chipatala masabata atatu. Taonga anatsitsimuka, mawu anabwerera pang'onopang'ono, pakamwa panawongoka. Mwendo amaukoka. Dzanja lamanja silinabwerere. Manje ali m'giredi wani, m'kalasi loyandikana ndi langa, ndipo kudzera pa khoma ndimamva anzake akuwerenga, iye akutsalira pang'ono. Akuphunzira kugwira pensulo ndi lamanzere.

Tsiku lotuluka ndinawatsatira adokotala mpaka pa khonde. Ndinawauza kuti tinanyamuka eyiti, tikanafika mwina thwelofu, koma tinafika seventini. Ndinawafunsa ngati maola asanu amenewo ndiwo anatenga dzanja la mwana wanga. Anati nthawi zina kuonongeka kumachitika pa chiyambi pomwe, munthu asanakwere n'komwe motoka. Anati nthawi zina magazi akafulumira zina zimapulumuka. Ndinati zimenezo ndamva, koma ine ndikufunsa za Taonga. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

"Amayi, mukufuna ndinene kuti inde kapena kuti ayi. Ndikanena chilichonse mwa ziwirizi ndikhala ndakunamizani."

Ndinawafunsanso kachitatu. Namwino anawaitana m'wodi, ndipo anapita.